Fumbi pa Buluku la Sajeni Kwenda

A Evelina anaima pa khomo la khoti la mzinda atagwira m'chiuno, kotero kuti mlongo wawo, a Sajeni Yotamu Kwenda, anasowa podutsa.

"Alongo, musanalowe mundiuze. Lero mukulowa ngati woweruza kapena ngati mwini mbumba?"

"Ndikulowa ngati munthu amene wachedwa. Patukani, mlongo wanga."

A Evelina sanasunthe.

Mlandu wa tsikulo unali wa Kenani, mwana wawo woyamba. Sabata yapitayo Kenani anafika ndi anzake a m'chipani pa khonde la sitolo ya a Jayantilal, pafupi ndi msika, pamene telala wina, a Sumaila, ankasokerapo. Anawapeza akusoka mayunifolomu a amesenjala a boma. Kenani anawanena kuti akutumikira Chitaganya, ulamuliro wa atsamunda uja, nakankha makina awo. Makinawo anagwera pansi pa khonde ndipo chopondera chinathyoka.

A Sajeni anali munthu wodziwika m'tauni monse. Anamenya nkhondo ku Bama ali msilikali wa Keyala, nabwerako ndi mendulo ndi bondo lovulala. Kenaka anakhala pa mpando woweruza zaka zambiri, ndipo anthu ankati nkhuku ya mphatso ikalowa pakhomo pawo imabwerera ndi mwini wake. Tsopano chipani chinkafuna kuwaimika pa chisankho cha khonsolo. Msonkhano wotchula dzina lawo unali wa madzulo omwewo, koma wapampando wa chipanicho anali atanena kale poyera kuti mnyamata wawo akangomangidwa, dzinalo alisiya.

"Khoswe akakhala pa mkhate sapheka," anatero a Evelina. "Mukammanga mwanayu mwaswa mbumba, mwaswanso chipani."

"Nanga ndikammasula?"

"Anthu aiwala."

"Sumaila saiwala. Tinagona naye dzenje limodzi ku Bama. Kodi mwafunsako zimene ana ake adya sabata ino?"

A Evelina anayang'ana pansi, ndipo a Sajeni anadutsa.

M'khotimo munali modzaza. Kutsogolo kunali tebulo ndi mipando iwiri. Pa umodzi panakhala kale a Hamdani, woweruza mnzawo. Kenani anali pansi pa dothi, pamalo a oimbidwa mlandu, atakweza chibwano. A Sajeni anayenda mpaka pa tebulo, mendulo zikulira pachifuwa. Anagoneka ndodo yawo pamenepo koma sanakhale.

"A Hamdani, lero mpando wangawu ukhala wokha. Woimbidwa mlandu ndi mwana wa mlongo wanga, sindingamuweruze. Koma sindingamusiyenso, pakuti kwathu mwana saima yekha pa mlandu atsibweni ake ali moyo."

Atatero anatembenuka, nakakhala pa dothi pambali pa Kenani. Bondo lija linawavuta, ndipo anatsika pang'onopang'ono.

Kenani anawanong'oneza. "Atsibweni, tikane. Palibe amene anaona bwinobwino."

"Msika wonse unaona. Chitaganya ndinayamba kudana nacho iwe ukusewera mpira wachikulunga, koma sichikhala m'makina a Sumaila."

Mlandu utawerengedwa, a Sajeni anawomba m'manja mwaulemu monga amachitira munthu wopepesa.

"Talakwa. Sitibisa, sitichepetsa. Dzanja linali la mwanayu, koma mbumba ndi yanga, ndiye kuti amene sanalange bwino ndine. Tikupempha kuti mlanduwu uthere muno, usapite kwa majisitireti ku boma. Chimene khoti linene, tichita."

A Hamdani anatembenukira kwa wodandaula. A Sumaila anaimirira akusisita ndevu, nayang'ana mnzawo wakaleyo nthawi yaitali.

"Sajeni, ku Bama munkatigoneka m'matope inu muli chilili. Lero ndakuonani pa dothi. Mulungu ndi wamkulu."

Anthu anaseka, ndipo a Sajeni nawo anamwetulira.

"Bwana woweruza," a Sumaila anapitiriza, "ndende sisoka malaya. Chopondera china chichokera ku Limbe, ndipo sichifika msanga. Koma makina aja amayendabe ndi dzanja, pakakhala wina wopukusa gudumu. Mnyamatayu mphamvu ali nazo, tinaziona."

A Hamdani sanali munthu wofulumira. Anafunsa mboni ziwiri, anafunsanso Kenani ngati akuvomera ndi pakamwa pake. Kenani anayang'ana atsibweni ake, nayang'ana bondo limene anali atalitambasula pa dothi, navomera. Chigamulo chinali chakuti mbumba ikonzetse makinawo, ndipo Kenani azipukusa gudumu pa khonde lomwelo tsiku ndi tsiku kufikira chopondera chitafika.

"Ndizipukusa mayunifolomu a boma?" anafunsa Kenani ndi mawu otsika.

"Uyamba ndi malaya a ana a sukulu," anayankha a Sumaila. "Mayunifolomu adikire. Eni ake, atsamundawo, akuti ali paulendo."

Panja a Evelina anali kupukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Mwana wanga ku ndende sapita, zikomo. Koma anyamata a chipani atuluka mokwiya, akuti mwamugwaditsa mnzawo pamaso pa anthu. Kumsonkhano kuja musapiteko lero, akakunyozani."

"Ndipita. Akandifuna, andifune akudziwa chimene ndili. Akandikana, mpando wanga uli m'khotimu."

A Evelina anapukusa mutu. Kenaka anaona buluku lawo la khaki litafiira ndi fumbi kumbuyo konse, nawerama kuti alisase. A Sajeni anawagwira dzanja.

"Lisiyeni. Akakandifunsa kumene ndinali lero, alione okha."

Anatenga ndodo yawo, nayamba kutsikira ku mlatho, njira ya kumsonkhano kuja, akutsimphina. Kenani anaima kanthawi, kenaka anathamanga nakayenda pambali pawo, mbali ya bondo lovulala.