Chikole cha Mayi Tapiwa

Mwini famu watsopano, a Clever, anauza mayi Tapiwa kuti mwezi ukatha achoke m'nyumba ya pakomboni, ati akalamba, sangalime. Nkhalamba yake iti? Mayi amene anasankha fodya wa eni kuno ku Karoi zaka makumi atatu, mpaka zala kuda bii.

Ndiye ife anzawo anayi tinawaperekeza kwa a Givemore, a bungwe lobwereketsa ndalama zoyambira bizinesi, amene amaimika galimoto pasitolo Lachitatu lililonse. Mayi Tapiwa ankafuna sikelo, ziguduli ndi lendi ya shedi, kuti azisankhira alimi ang'onoang'ono fodya.

"Chikole muli nacho, amai? Munda? Mombe?" anafunsa a Givemore.

Tinaseka, koma kuseka kowawa. Makolo athu anachokera ku Malawi kudzalima minda ya eni, ng'ombe tikanaiona kuti?

Mayi Tapiwa sanaseke. Maso awo anali pa belo limene linali kumbuyo kwa galimoto.

"Mwanangu, belo ilo labwerera ku okushoni, eti?"

A Givemore anakanda mutu. Linali la bambo awo, ogula analikana.

"Masulani."

Mayi Tapiwa anakhala pansi pomwepo, nayala chitenje. Tsamba lililonse ankalisisita, kulinunkhiza, n'kuliponya pamulu wake: lapansi uku, lapakati uku, lansonga uko, lankhungu kutali. Bambo a Givemore anali atasakaniza zonse ngati ndiwo za pamaliro. Dzuwa lisanapendeke milu inayi inali itakonzeka, anthu ogula buledi ataiwala zimene anadzera. Ine mtima unangoti myaa, kunyada.

Lachitatu lotsatira a Givemore anabwera ndi mapepala, fodya uja atagulidwa bwino. Anati lamulo la bungwe limalola gulu kuimira munthu wopanda chikole. Tonse anayi tinadinda zala osafunsana.

Lero shedi ija ili ndi akazi asanu ndi awiri, ine mmodzi wa iwo, ndipo ngongole inatha fodya asanathe. Sabata yatha kunafika ngolo ya a Clever, mabelo awo atakanidwa kawiri. A Clever anavula chipewa pakhomo.

"Amai, nyumba ija ikadali yanu mukaifuna."

"Zikomo, baba, ndili nayo yanga kuseri kwa shediku," anatero mayi Tapiwa osadzutsa mutu. "Ikani fodya wanu pamzere. Patsogolo panu pali anthu atatu."