Timapepala ta Lucius

"Tulutsa onse," anatero Feston, akukankha katoni ndi phazi.

Panali patapita masiku atatu chiikireni m'manda mng'ono wake Lucius ku Kalembo. Eliza, mwana wa malemuyo, anali atangomuonetsa zimene zinali pansi pa bedi: makatoni asanu odzaza timapepala.

Feston anatola kamodzi. Pamwamba panali liwu, m'munsi dzina la munthu, mudzi wake ndi chaka.

"Mayina a anthu! Ena mpaka a ku Nsanama. Ayufi akabwera kudzaona makadi achipani n'kupeza izi, uwauza chiyani? Adzati ndi kaundula wa zigawenga. Tonse tikafera kundende."

"Ndi dikishonale, bambo aakulu."

"Usandipusitse. Sukulu ndinaponda nane. Dikishonale ndi buku limodzi, ndipo mulibe dzina la munthu."

"Ya kusukuluyo imangonena tanthauzo la lero basi. Ababa ankalondola kumene liwu lachokera. Taonani thangata apa. Mu 1933 agogo akuti ndi kuthandizana kumunda. Kapepala kotsatira, mkulu wina wa kuesiteti akuti ndi ntchito yokakamiza. Liwu lililonse lili ndi zaka zake ndi mboni zake."

"Mboni! Ndiye zimene apolisi amafunazo. Munthu kusiya munda uli thengo, kumatolera malovu a anthu. Bweretsa machesi, iwe."

"Ntchito ya zaka makumi atatu imeneyi. Inu zaka zisanu simunalankhule nawo, chonsecho nyumba zanu zangolekana ndi mpanda umodzi. Lero mwabwera kudzawotcha?"

"Iye wapuma. Makosi ali panja ndi athu."

Eliza anakana kunyamula. Feston anawakoka yekha makatoniwo mpaka kudzala, akutukwana msana wake. Timapepala tinayaka msanga ngati udzu wa mu Okutobala. Eliza anaima pakhonde manja ali kumbuyo, osalira, kumangomuyang'ana.

Katoni yomaliza inang'ambika pansi. Akuwola zimene zinatayika, Feston anaona dzina lake. Anatalikitsa kapepalako ndi maso, n'kuwerenga pang'onopang'ono.

"Chitsiru. Feston, mkulu wanga. 1936, podyetsa mbuzi: ankatero akuseka, akundinyemera chinangwa chake. 1969, pampanda: tsopano akunenetsa. Ndisiye malo, mwina lidzasinthanso."

M'munsi mwake munalidi malo, mizere itatu yojambulidwa bwino ndi pensulo.

Feston anawotcha zotsalazo mpaka phulusa. Kapepala kamodziko anakapinda kawiri, nakalowetsa mkati mwa chipewa chake, atafulatira khonde.