Phazi la Alamu Anga

Ine si mkazi wandewu, koma alamu anga a Kalimu ndinawang'amba chipumi ndi ayironi, ndipo mpaka lero sindinapepese.

Amuna anga a Yahaya anagwa pa sikafodi pomanga nyumba ku Centurion, kuno ku Joni, atasenza thumba la simenti. Msana unathera pomwepo. Ululu unkatsika mpaka kuphazi, moti bambo wandevu zake ankalira povala buluku. Madamu amene ndimawachapira anatilozera kwa dokotala wowongola msana ku Arcadia. Dokotala wamkaziyo atayang'ana zithunzi za mafupa anati kanyama kofewa ka pakati pa mafupa a msana kachoka pamalo pake, kakupanikiza mtsempha wopita kumiyendo. Ankawawongola ndi manja pang'onopang'ono, n'kuwaphunzitsa mafizo olimbitsa pamimba. Ine anachita kundiloza ndi chala: "Msana uwu munthu asaukhotetse, asautsindike ndi mphamvu. Mukatero miyendo ipita."

Zinayamba kuyenda bwino. M'mawa a Yahaya ankagona chagada pamkeka, kumangitsa mimba, kukweza mwendo uwu, kutsitsa, kukweza winawo. Anafika poyenda okha mpaka kokwerera mataxi. Lachisanu lina anawerama popemphera swala osagwira khoma, ine misozi mbwee chifukwa cha chimwemwe.

Ndiye kunabwera a Kalimu, akulu awo, amene amagulitsa mabulangete m'tauni. Iwowa anabadwa motsogoza miyendo, ndipo kwathu ku Namwera munthu wotere amati phazi lake ndi mankhwala. Wodwala msana amagona chafufumimba, iye n'kumuponda. A Kalimu amanyadira phazi limenelo kuposa nkhope yawo.

Anawapeza mng'ono wawo ali pa mafizo, miyendo m'mwamba.

"Eish, mphwanga, wasanduka mphemvu yogwa chagada? Tembenuka ndikuponde kamodzi, Lolemba ubwerere ku ntchito."

"Alamu, adokotala analetsa," ndinatero.

"Hadijah, khala chete. Ndaponda misana ya anthu iwe usanamere mano."

A Yahaya anangoyang'ana pansi. Anawabweretsa kuno ku Joni ndi akulu awowo, ndipo chibadwire sanawakanepo kanthu. Mantha anandigwira, ndinkawadziwa amuna anga.

Loweruka masana ndinali pakhonde la fulati yathu, ndikusita. A Kalimu analowa, ati adzawaone odwala. Posakhalitsa ndinamva mfuu. Sikunali kulira kwa munthu, kunali ngati mbuzi ikuphedwa. Ndinazula chingwe n'kuthamanga, ayironi ili m'manja.

A Yahaya anali chafufumimba pasimenti, ataluma mkeka. A Kalimu anali ataima pamsana pawo ndi mapazi onse awiri, manja atagwira zitsulo za pawindo, akunjanja.

"Pirira, mafupa akulowa m'malo!"

"Tsikani!" ndinakuwa.

"Tuluka, izi si za akazi."

Ananjanjanso. Ndinamva kuti khwa!

Ndinawamenya a Kalimu ndi ayironi ija pachipumi, yotentha choncho. Anagwera pa tebulo, mbale phwaa, magazi chuu mpaka m'kamwa. Anadzuka n'kundiwomba khofi, khutu linalira. Anandigwira pakhosi n'kundikankhira kukhoma, mpango wanga unagwa. Ndinawaluma chala mpaka mano anafika pafupa. Atandisiya ndinawaponda m'mimba, ndinatola mpando n'kuwaphwanyira pamapewa.

"Mfiti inu! Mwabwera kudzapha mng'ono wanu?"

"Ndimamuchiritsa, chitsiru iwe!"

Anthu a m'fulati anathamangira kudzatileretsa. Mayi Theresa oyandikana nafe anandigwira m'chiuno, amuna awiri anawakokera a Kalimu panja akutukwana, malaya ali magazi okhaokha. Ine ndinkafunabe kuwatsatira pamasitepe.

Kenako ndinazindikira kuti m'chipindamo muli zii. A Yahaya anali atasiya kubuula. Ndinagwada pambali pawo.

"Bambo a Sumaya, zikupweteka?"

"Ayi," anatero, akumwetulira, thukuta lili kamukamu. "Ululu wa kumwendo uja watha. Waona? Achimwene amadziwa. Wawamenyeranji?"

Ndinakwawira kumiyendo kwawo, ndinagwira phazi lakumanzere n'kulitsina. Ndinatsina lakumanja mpaka zikhadabo zinasiya mabala.

"Hadijah," anandiitana, nkhope ili pamkeka, "tandigwira phazi, ndione ngati ndingadzuke."

Ndinali nditawagwira kale, onse awiri.