Mwala wa Pamanda a Achimwene

Mgodi wa miyala yokongoletsera nyumba utatsekedwa, ine ndinayamba kusoka nsapato pakhonde. Ndi pomwe mlamu wanga anandipeza. Amuna ake, achimwene anga, anali atamwalira ndi chifuwa cha fumbi atacheka miyala moyo wawo wonse.

"Alamu," anatero asanakhale n'komwe, "achimwene anu anachekera anthu osawadziwa miyala ya pamanda. Iwo agone opanda mwala?"

Ndinalibe mphamvu zokanira. Ndinabwereka wilibala, tinapita kuseri kwa mgodi, kumulu kumene kampani inkatayako miyala yong'aluka.

Muluwo ndinkaudziwa. Pansi penipeni pali miyala yoyera ya nthawi ya bambo athu, pamene ankaswa thanthwe ndi nyundo zokha, miyalayo n'kukayalidwa m'matchalitchi. Pamwamba pake pali yofiirira, imene mahotela a mumzinda ankalimbirana. Nthawi imeneyo tauni yathu inali ndi basi yakeyake, malo omwera mowa osatseka, ndi fumbi mpaka m'mabulangete. Kenaka anthu anayamba kukonda matailosi a kufakitale, ife n'kutsala ndi miyala yakuda ya pamanda. Nayonso inatha msika.

"Wofiirira," anatero mlamu. "Wakuda unawatopetsa."

Tinafukula mpaka zikhatho kutuwa. Tinaupeza wosweka pangodya, koma wosalala bwino. Tili m'njira, tayala la wilibala linaphulika. Tinakhala m'mbali mwa msewu, tikungouyang'ana mwalawo.

Anatulukira Wamacheka, mkulu amene ankayendetsa makina ochekera pamodzi ndi achimwene. Anali akupuma movutikira.

"Mukusamutsa mgodi pang'onopang'ono?" anafunsa. Titamuuza, sanasekenso. Anakaitana anzake akale, onse otsokomola, ndipo tinaunyamula pamitengo, tikutula pansi paliponse pamene wina wabanika.

Kumanda tinaugoneka, tinautsamiritsa ndi timiyala kuti usapendeke. Wamacheka anaupukuta ndi chipewa chake.

"Nanga dzina?" ndinafunsa. Wozokota malemba anali atasamukira kwa mwana wake mumzinda.

"Musavutike," anayankha mlamu akumasula mpango wake n'kupukuta thukuta. "Ndikudziwa amene wagona apa."

Anzathu aja anabalalika mmodzimmodzi. Ine ndinatsala ndi wilibala ya eni ake, ndikuikoka chafutambuyo, ndikuganiza zimene ndikanene pokabweza.