Ndani Anagwira Injini?

Mayi wofufuza za ngozi za ndege anali atakhala kale pabalaza ku Ngong, kufupi ndi Nairobi, tiyi akumuzizirira, pamene Tamanda anakokera mwamuna wake Medson kukhitchini n'kutseka chitseko.

Nkhani inali ya kandege ka mipando iwiri kamene Medson anapanga yekha m'shedi, kamene kanamudyera ma Loweruka osawerengeka. Apongozi ake, a Jobe, amene anabwera ku Nairobi kudzalandira chithandizo cha mtima, anali makaniko wa malole kale. Munthu wotere kumukhazika pansi n'kumuzunza. Anayamba kulondola mkamwini kushedi, ndipo tsiku lina Medson anawapeza atamasula paipi ya mafuta n'kuimata guluu wa magasiketi, monga ankachitira ndi malole.

Mmawa wa tsiku louluka, a Jobe anaima pambali pa kandegeko, manja kumbuyo, akunyadira. Medson anatulutsa sipanala kuti aonenso paipi ija, koma anaibweza m'thumba. Mkamwini angamasule bwanji ntchito ya apongozi eni ake akuona? Ulemu wathuwu nthawi zina umapusitsa ndithu. Medson atangouluka n'kupitirira mitengo, guluu uja anatseka njira ya mafuta, injini n'kutsokomola, mphamvu n'kutha. Anatera m'munda wa chimanga, phiko linathyoka, iye anatuluka ndi bala pachipumi.

Tsopano mayiyo ankafuna dzina la amene anagwira injini. Akanatchula apongozi ake, mwina Medson akanangodzudzulidwa. Kudzitchula yekha kunali kutaya chiphaso choulutsira ndege.

Kukhitchini kuja, Tamanda ananong'ona kuti adokotala anachenjeza kale kuti mtima wa bambo ake sukufuna mantha, komanso kuti mkuluyo ankakhulupirirabe kuti wolakwa ndi petulo wa ku Kenya.

"Bambo a Luso, mukawatchula, kumudzi tibwerera ndi bokosi."

Medson anapsa mtima kwambiri, koma analibe womukalipira. Pawindo ankawaona a Jobe akupukuta phiko lothyoka lija ndi kansanza, mosamala ngati akusambitsa khanda.

Anabwerera pabalaza. Mayiyo anafunsanso m'Chingerezi, ndipo Medson anayankha akuyang'ana pansi kuti palibe wina anaigwira kupatula iye. Chiphaso chinachoka m'chikwama chake n'kulowa m'cha mayiyo.

Galimoto ya mayiyo itatuluka pageti, a Jobe analowa akupukuta m'manja.

"Musadandaule, mwana wanga. Ndegeyi tiikonza tonse awiri. Mawa tilawirire kushedi."

Tamanda anayang'ana mwamuna wake, osaphethira.

"Zikomo, bambo," anatero Medson. "Ndidzakudzutsani."