Zilembo Ziwiri pa Galimoto ya a Chisenga

"Taonani, mulamu," anatero Paterson atagwada pambali pa matiresi, foni ili m'manja. "Munthu wogula galimoto wapezeka. Abwera masana ano kudzaiona."

Winfrida anayang'ana foniyo mosafuna. Maso anali atatupa, msana ukuwawa. Chimwalirireni amuna ake, a Chisenga, anali pa matiresi pomwepo m'fulati yawo ya ku Tottenham, poti namfedwa sayendayenda maliro ali m'nyumba. Mipando anaiunjika kuchipinda. Azimayi a kumpingo anakhala motsamira khoma, mawu atawathera ndi nyimbo, ena akusinza poti anachokera kuntchito ya usiku.

Pa fonipo panali chithunzi cha galimoto ija, Dodge Charger ya 1971. Chigalimoto chachitali, utoto wobiriwira utasuluka, dzimbiri litadya m'munsi mwa zitseko, injini ili zidutswazidutswa m'makatoni. Winfrida ankaitchula kuti mkazi mnzake. A Chisenga akaweruka ku galaja ya mabasi komwe anali makaniko, sankabwera kaye kunyumba ayi. Ankakhotera ku kagalaja ka lendi kuseri kwa njanji kukasisita chinthu chimene sichinayendepo n'kamodzi komwe chigulireni. Koma inu, pali akazi ena amene amalimbana ndi anthu anzawo, Winfrida ankalimbana ndi chitsulo!

Tsopano chitsulo chomwecho ndicho chinayenera kuwatengera a Chisenga kwawo. Ali kuchipatala ananena momveka bwino kuti akawaike ku Katete, pambali pa amayi awo. Chopereka cha kumpingo chinali chitathera ku nyumba yosungira maliro ndi kudyetsa anthu. Paterson, mng'ono wa malemuyo, anafunsafunsa n'kupeza kuti galimotoyo itagulidwa mmene inalili, ikanakwanira kukweza bokosi lokha m'ndege, iyeyo n'kuliperekeza ndi tiketi imene abale anamusonkhera. Winfrida ndi mwana wake Towela akanatsala ku London.

"Nanga izi?" anafunsa Winfrida, chala chili pa chithunzi. Kutsogolo kwa galimoto ndi m'mbali mwake munkanyezimira zilembo ziwiri, R/T.

"Ndazipeza m'chitini cha mabisiketi pashelefu," anatero Paterson motsitsa mawu. "Ndangomata chabe. Manje mtengo wasintha, mulamu. Tonse tipita, inu, Towela, na mwala wa pamanda ugulika."

Towela, amene ankatolera makapu, anaima. Mtsikanayu anabadwira ku London konkuno, Chinyanja amamva chonse koma poyankha amayankha m'Chingerezi, ndipo ndi m'Chingerezi momwemo ananong'ona: "Ankolo, ija si R/T. Inu mukudziwa. Nambala yake ya pagalasi ikunena."

"Munthuyo sanafunse za nambala," anayankha Paterson. "Iwe ufuna amayi ako akaike amuna awo pa foni?"

Towela anatembenuka. Anapita ndi makapu ake kukhitchini, ndipo madzi anamveka akutuluka mwamphamvu.

M'nyumba imeneyo munalibe amene sankadziwa mitundu ya Charger ya chaka chimenecho. A Chisenga ankailalikira pa tebulo mpaka ndiwo kuzizira. Ankati ndi ana asanu a mimba imodzi, thupi lofanana, mitima yosiyana. Woyamba ndi wamba, wopanda dzina lina, injini yaing'ono. Wachiwiri ndi 500, yemweyo koma wavala bwinoko. Wachitatu ndi SE, wa mabwana, mipando yofewa ndi nyale zobisika ngati munthu wotsinzina. Wachinayi ndi Super Bee, wa anyamata opupuluma, injini ya 383 ndi chithunzi cha njuchi. Akafika pa wachisanu ankasiya kudya. R/T, injini ya 440, yoti ikalira pansi pamanjenjemera, ndipo ochepa mwa amenewo anali ndi injini ina yoopsa yotchedwa Hemi imene iwo anangoionapo kamodzi pa chionetsero.

"Nanga yanuyo ndi iti?" Winfrida ankafunsa dala, kuti awakhumudwitse.

"Yanga ndi wamba, injini ya 318," ankayankha akuseka. "Ngati mwini wake."

Zilembozo anakazigula okha pa msika wa zitsulo za magalimoto akale, chaka china dzuwa litawakomera mtima. Anabwera nazo atazikulunga m'mpango ngati mazira. Winfrida ankadziwa kuti Lamlungu lililonse akachoka kutchalitchi ankazitulutsa m'chitini, kuzipukuta, kuziyerekeza kutsogolo kwa galimoto, mutu atapendeketsa. Kenako ankazibwezera, n'kumenya chivundikiro kawiri ndi chikhatho. Kumata ayi.

"Paterson," anatero Winfrida, "akulu anu sanazimate zimenezi."

"Akulu analibe vuto limene tili nalo ife." Paterson anapukuta kumaso. Nayenso anali atatheratu. Usiku ankayendetsa takisi ku Ilford, masana foni ya ku Katete siinkamupatsa mpata, aliyense kufunsa kuti thupi lifika liti. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mulamu. Ndipo tisanamizane. Akulu omwewo si aja anagwira ntchito pa dzina la Bruce? Tonse tinadya za Bruce. Ine tiketi yobwerera kuno anandigulira ni Bruce. Dziko lino osachenjera sulikhala."

Dzina limenelo linamulasa Winfrida pamtima. Zinali zoona. Atangofika ku London mapepala asanalongosoke, a Chisenga anabwereka mapepala a munthu wina, monga ankachitira ambiri masiku amenewo. Kwa zaka zingapo kuntchito anali Bruce. Ovolosi yawo inalembedwa Bruce. Akakumana ndi anzawo a kuntchito mumsewu, Winfrida ankayenera kukumbukira kuti ndi mkazi wa Bruce. Tsiku lina Towela ali wamng'ono anawafunsa m'basi, anthu akumva, kuti, "Adadi, bwanji bambo uja wakuitanani dzina la eni?" A Chisenga anatsika pa siteji yotsatira ngakhale sanali atafika, nayenda wapansi mpaka kunyumba. Tsiku limene mapepala awo enieni anatuluka, anatenga lezala n'kusomola dzina lija pa ovolosi ulusi umodziumodzi, misozi ikugwera pansalu. Winfrida anali asanawaonepo akulira.

Anagwira khoma n'kudzuka. Mawondo analira.

"Amake Towela, mukupita kuti?" anafunsa mayi wina wa kumpingo, tulo titabalalika. "Simungatuluke, maliro akali m'nyumba!"

"Ndikukaona mkazi mnzanga," anatero Winfrida akumanga chitenje. "Nayenso waferedwa."

Azimayi anayang'anana, wina anaomba m'manja kamodzi modabwa, koma palibe anamugwira. Towela anamuveka chikhoti pamwamba pa chitenje. Onse atatu anatsika masitepe, Paterson akung'ung'udza pambuyo. Kunja kunali kamvula kosatha kaja ka ku London, kosanyowetsa msanga koma kolowa m'mafupa. Anadutsa pa sitolo ya Mghana yogulitsa zakudya za kwathu, nakhotera kunjira ya kuseri kwa njanji. Winfrida anayenda pang'onopang'ono. Kunena zoona, mumtima mwake munalibe ukali uliwonse, munali kutopa kokhakokha. Ankafuna kupita ku Katete. Ankafunitsitsa kuponya dothi ndi dzanja lake pa bokosi la munthu amene anagona naye mphasa imodzi zaka zonsezi, osati kuonera pa kagalasi ka foni, netiweki ikudukaduka, mwana wa mlamu wake akujambula mapazi a anthu.

Wogula uja anamupeza atafika kale, ataima pakhomo pa galaja. Anali mzungu wa imvi zapatalipatali, jekete yake yonyowa, ndipo anati dzina lake ndi Sam. Atamva kuti mayiyo ndi mkazi wa malemu, anavula chipewa n'kupepesa. Paterson anakweza chitseko, chinalira ngati mwana.

Fungo la oyilo ndi sopo wa amakaniko linamulandira Winfrida, fungo la amuna ake lenileni. Ovolosi inali pa msomali, pachifuwa pali dzina losokedwa ndi ulusi wofiira mokhotakhota, CHISENGA. Anasoka okha, poti Winfrida anawauza kuti alibe nthawi.

Sam anaizungulira galimotoyo osaikhudza. Kenako anaika chikhatho pa boneti pang'onopang'ono, napendeketsa mutu. Ha! Winfrida anachita kutembenukira kukhoma. Kapendeketsedwe kake kanali komweko ka amuna ake.

"Ndakhala ndikuilota kuyambira ndili mwana," anatero Sam m'Chingerezi. "Za injini sindidziwa zambiri, ndisaname. Ndangopuma ntchito, ndiye mkazi wanga wati gula, usafe ukuilakalaka. R/T yeniyeni! Amuna anu anali ndi mwayi, mayi."

"Zoona, zoona," anatero Paterson mofulumira. "Injini yonse ili m'makatonimo."

Winfrida anayandikira kutsogolo kwa galimoto. Zilembozo zinali zitamatidwa mopendekeka pang'ono, ntchito ya munthu wothamanga. Anayesa ndi chikhadabo, zinakana.

"Towela, ndipatse chopalira icho."

"Mulamu!" Paterson anayankhula m'Chinyanja, mano atalumana. "Ganizani bwino. Mukachotsa izo, ndiye kuti simupita. Ndilibe kwina kokatenga, ndayesa konse. Anthu kumudzi adzati chani, mkazi osabwera kudzaika mwamuna wake?"

"Adzanena zimene adzanene."

"Munthu wafa, mulamu. Saona."

"Ine ndikuona," anatero Winfrida. "Anabwera kuno pa dzina la eni. Musawabweze kwawo pa dzina la eni, Paterson. Zinawakwana ali moyo."

Towela anamupatsa chopaliracho. Winfrida analowetsa nsonga kuseri kwa chilembo, nakankha. Zomatira zinatanuka ngati ulimbo, kenako zinaduka. Anapita mbali ina, nachotsanso, mbali inayo chimodzimodzi. Sitima inadutsa pafupi, makatoni ananjenjemera. Sam ankangoyang'ana, chipewa chili m'manja.

"Muuze," anatero Winfrida kwa mwana wake. "Muuze mmene ankanenera atate ako."

Towela anayamba. Anamuuza za ana asanu a mimba imodzi, wamba, 500, SE, Super Bee ndi R/T. Anamuonetsa nambala ya pagalasi, namutsegulira katoni kuti aone injini ya 318. Pofika pa mawu akuti "ngati mwini wake" mawu anamuthera, anangoloza ovolosi ija.

Sam anayang'ananso galimoto ija. Nkhope inagwa, zinaoneka kuti zamupweteka ndithu. Anayang'ana Paterson, Paterson anayang'ana pansi. Pomaliza anati aitengabe, poti maloto a munthu wokalamba sasankha kwambiri, koma pa mtengo wa galimoto wamba. Anatchula mtengowo. Unali womwe uja Paterson anaupeza poyamba, wokwanira bokosi lokha.

Paterson anatuluka panja n'kukaima pamvula. Foni yake inalira, ya ku Katete. Anaiyang'ana, naisiya ikulira. Atabwerera maso anali ofiira, ndipo sanakalipe.

"Ndidzakuimbirani tikafika kumanda," anatero. "Foni ndidzagwira ndekha, sindidzapatsa mwana."

"Mudzaponyeko dothi langa," anatero Winfrida.

Apo ndiye analira, kulira kwenikweni kumene kunakana kutuluka masiku onse aja pa matiresi pamaso pa azimayi a kumpingo. Analira atatsamira mkazi mnzake uja, dzimbiri likudetsa chikhoti. Towela anamugwira mapewa. Sam anapita kukadikira m'galimoto yake.

Winfrida atatonthola anapempha chitini chija. Anakhala pa mpando wa a Chisenga, wopangidwa ndi thayala lakale, natenga zilembozo chimodzichimodzi. Anachotsa zomatira zotsalira ndi chikhadabo, nazipukuta ndi nsonga ya chitenje mpaka zinanyezimira.

"Izi mukaziike m'bokosi," anauza Paterson. "Ankazikonda."

Chomaliza anachiyerekeza kutsogolo kwa galimoto osachigunditsa, napendeketsa mutu kuti aone chimene amuna ake ankaona Lamlungu lililonse. Chinkakhala bwino ndithu. Anachibwezera m'chitini, natseka, namenya chivundikiro kawiri ndi chikhatho.