Ulusi wa ku Kitwe

Pa 9 Disembala 2023, amayi a banja la Kamwendo anayenda mumsewu wa ku Ngungu, m'tauni ya Kabwe, atasenza mapoto a chilanga mulilo, mwambo wokaonetsa mkwati zakudya za kwawo kwa mkwatibwi. Zitenje zawo zinali zofanana, chifukwa amene anagula zonse malo amodzi anali Lettie Kamwendo, telala wa m'komboni ya Nakoli. Mabulauzi ndi maduku ndiwo anasiyana. Aliyense anagula nsalu yake kumene amakhala, poyang'ana chithunzi chimene Lettie anatumiza pa foni. Nsalu yeniyeniyo inali ya mtundu wa njerwa yootcha. A ku Kitwe anabwera atafiira ngati tomato, a ku Lusaka ngati papaya. A m'Kabwe okha ndiwo anali njerwa.

Kondakitala wina wa minibasi anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti, "Kwasala gilini chabe, mukhale marobot a pamsewu!"

Dzinalo linakakamira. Chaka chonse chotsatira anthu ankati shopu ya Lettie ndi "ku marobot," ndipo magulu awiri a amayi a tchalitchi anakasoketsa yunifolomu zawo kwina. Lettie sanakangane ndi munthu. Anangoika chithunzi chija pambali pa nsalu, n'kuona yekha kuti foni yake yakale inanama.

Tsopano inali nthawi ya mwana wake. Chilanga mulilo cha Linda anachiika pa Loweruka, 16 Ogasiti 2025, ndipo mapoto anayenera kupita kudera la Railways, kwawo kwa mkwati, Mwenya Chisanga, amene ankagwira ntchito kumawekishopu a njanji. Linda anasankha chitenje chimene chinkafunanso bulauzi ya mtundu wa njerwa. Mayi ake anamuyang'ana nthawi yaitali, koma sanamuletse.

Kutumiza kansalu pa basi sikukanathetsa vuto. Bambo ake a Lettie anachoka ku Ntcheu mu 1958 kudzagwira ntchito kumgodi wa Kabwe, ndipo mgodiwo utatsekedwa mu 1994, ana ndi adzukulu anabalalika. Ena anali ku Kitwe, ena ku Solwezi, Lusaka, Chipata, Lilongwe, ndi ku Joni komwe. Chithunzi chokha ndicho chikanafika kwa onse tsiku limodzi. Choncho mu Julayi, nthawi yake yolandira chilimba, ndalama zosonkherana mosinthana, itakwana, Lettie analengeza kuti akugula foni yapamwamba, yodula ngati makina osokera awiri.

M'Kabwe munali mafoni awiri amene anthu ankakanganira ngati matimu a mpira: Kovara ndi Orlin. Jabulani, mlongo wake wamng'ono wa Lettie, mwini minibasi, anali wa Kovara.

"Ba sisi, musataye nthawi," anatero atakhala pa mpando wa makasitomala. "Kovara ni foni ya anthu ogwira ntchito. Orlin ni ya tuanyamata tofuna kuoneka."

"Mwenya ali ndi Orlin, amalume," anayankha Linda.

"Nakamba kale."

Mwenya nayenso anali ndi maganizo, koma mkamwini salankhula ndi apongozi ake maso ndi maso. Mawu ake ankadzera mwa Linda. Ankati amayi atenge Orlin, iye adzawaikira zonse zofunika, ndipo akavutika adzangomuitana.

Apa m'pamene panali povuta. Kutenga Kovara kukanaoneka ngati kunyoza mkamwini ukwati usanachitike. Kutenga Orlin kukanamveka kwa Jabulani ngati malume alibenso mawu m'banja, ndipo minibasi yake ndi imene inkayembekezeka kunyamula mapoto olemera. Koma chimene Lettie ankaopa kwenikweni chinali chimodzi: abale ake kukalowanso pakhomo la eni ali mitundu itatu.

Lolemba, pa 14 Julayi, anapita m'tauni kusitolo ya mafoni ya Gershom, atatenga mita imodzi ya nsalu ija m'chikwama. Jabulani anamutsatira asanaitanidwe. Gershom anatulutsa mafoni awiriwo n'kuwagoneka pakauntala.

"Iyi, mami, imajambula ngakhale mwezi," anatero akuloza imodzi.

"Mwezi sunabwerepo kudzasoketsa kwa ine."

"Iyi inayi mukaigwetsera m'madzi siifa. Batire nayonso imapirira, magetsi akapita tsiku lonse."

"Zonse ziwiri zimapirira?"

"Zonse ziwiri."

"Ndiye sizinasiyane. Tiyeni panja."

Gershom anadabwa. Anthu ambiri akafuna kuyesa foni ankadzijambula nkhope, n'kusankha imene yawayeretsa. Lettie anayala nsalu yake pa mpando, pakhonde, pamthunzi wa masana, pomwe telala aliyense amatengera kasitomala kuti aone mtundu weniweni. Kenako anauza Gershom chochita. Ajambule nsaluyo ndi foni iliyonse, pamalo amodzi, osasintha kanthu. Atumize zithunzizo ku foni yake yakale, china chikhale choyamba, china chachiwiri. Asauze munthu kuti chiti chachokera kuti, ngakhale iye mwini. Lettie ndi Jabulani anatembenukira kumsewu mpaka anamaliza.

Chithunzi choyamba chinali chodekha, ngati nsalu yachapidwa kale kamodzi. Chachiwiri chinkawala, ulusi uliwonse ukuoneka.

Jabulani anaomba m'manja. "Ya namba thu! Iyo ni Kovara, naidziwa. Onani mmene yatulukira! Iyi yoyamba ili monga yajambulidwa ndi mbatata."

"Ine sinikamba," anatero Gershom.

"Sukamba chifukwa udziwa kuti nagwira."

Lettie anatumiza zithunzi zonse ziwiri kwa mkulu wake Justina ku Kitwe. Justina ndi amene anatsogolera gulu la tomato mu 2023, ndipo anali asanaiwale. Anaimba foni nthawi yomweyo.

"Iwe Lettie, ufuna kunichititsa manyazi futi?"

"Ayi, achemwali. Mupite kusitolo ya ulusi. Mugule ulusi wofanana ndi chithunzi choyamba, ndi wina wofanana ndi chachiwiri. Muyang'ane pa foni yanu yomweyo. Mukatero mupatsire kondakitala wa basi ya ku Lusaka, ndidzalandirira pano."

"Ine nakhala wantchito wako manje?"

"Palibe wina amene ali ndi diso ngati lanu."

"Ndiye ukambe zimenezo poyamba," anatero Justina, n'kudula foni.

Gershom anavomera kusunga mafoni awiriwo mpaka Lachisanu. M'masiku amenewo Linda sanadye bwino. Lachitatu anafunsa mayi ake akudula nsalu.

"Amayi, nanga ikaluza ya Mwenya?"

"Mwenya si foni."

"Mumudziwa mmene amaikondera. Anthu a kwawo adzati mwayamba kale kumuchepetsa."

Lettie anaika sizasi pansi. "Anthu a kwawo adzaima pageti n'kuona azakhali ako akubwera. Chimene adzaone tsiku limenelo ndicho adzakumbuke ukadzabala mwana, ndi pamene mwanayo adzakwatire. Ine ndaimva kale nyimbo ya marobot. Iwe sudzaimva."

Ulusi unafika Lachinayi, pa 17 Julayi, m'kapepala ka pulasitiki komangidwa pakamwa. Lettie anakautsegulira kusitolo ya Gershom, Jabulani ndi Linda ali pomwepo. Munali timaulusi tiwiri. Panalibe cholembedwa chilichonse.

"Aa, yafa!" anatero Jabulani. "Ba Justina aiwala kulemba. Tidzadziwa bwanji uti ni uti? Tengani Kovara tizipita, ba sisi, nasiya basi pa siteshoni."

Lettie anatenga timaulusi tija. Anamasula nsonga ya ulusi wina n'kuyendetsa chala. Panali mfundo imodzi. Pa winawo panali ziwiri. Mayi awo, amene ankasoka pamanja m'komboni ya mgodi ndipo sanapite kusukulu, ankasiyanitsa zinthu motero, choyamba mfundo imodzi, chachiwiri ziwiri, ndipo ana awo aakazi anatengera.

"Sanaiwale," anatero. "Iwe unkasewera mpira ife tikusoka."

Anatulutsa singano m'chikwama, nakhala pa mpando uja wa pakhonde. Anadula kansalu kakang'ono kokwana pachikhatho. Anasoka mzere umodzi ndi ulusi wa mfundo ziwiri, wina ndi wa mfundo imodzi, motalikirana chala chimodzi. Atamaliza anakweza kansaluko kuti onse aone.

Mzere wa mfundo ziwiri unkaoneka munthu ali kutsidya la msewu, wofiira ngati chilonda. Wa mfundo imodzi unalowa m'nsalu n'kusowa. Linda anachita kuufufuza ndi chala.

"Choyamba," anatero Lettie. "Ndipatseni imene inajambula choyamba."

Jabulani anaimirira n'kugwedeza makiyi a basi. "Mwagwirizana. Nonse mwagwirizana kuti musangalatse mkamwini. Foni ya mbatata! Chabwino, mapoto anu mukasenze pamutu mpaka ku Railways."

Gershom analowa m'sitolo, natuluka ndi bokosi. Analiika m'manja mwa Lettie dzina likuyang'ana kumwamba. Linali la Kovara.

Onse anawerenga dzinalo. Kenako Gershom anayamba kuseka mpaka anagwira chitseko.

"Ba Jabu, mbatata ija ni yanu!"

Jabulani anayang'ana bokosi, anayang'ana kansalu, nabweza makiyi m'thumba. "Nenze kukuyesani chabe," anatero. "Sininakambe kuyambira pa Mande kuti Kovara?"

Linda yekha sanaseke. "Manje nikamuuza chani Mwenya?"

Lettie anapinda kansalu kaja kawiri n'kumupatsa. "Usamuuze kanthu. Umupatse aka. Umufotokozere mmene tachitira, kuyambira pakhonde mpaka pa basi, osawonjezera. Munthu amene amayeza zitsulo za sitima adzamva."

Yankho linabwera tsiku lotsatira, kudzera mwa Linda monga mwa mwambo. Mwenya anati kansaluko wakalandira. Anafunsa funso limodzi lokha: kodi azakhali a ku Kitwe anayang'ana zithunzi zonse ziwiri pa foni imodzi? Atamva kuti inde, anati alibe mawu, ndipo lonjezo lake lowaikira amayi zofunika m'foni likadalipo.

Loweruka, pa 19 Julayi, Lettie anajambula nsalu pakhonde la shopu yake ndi foni yatsopano n'kutumiza ku gulu la banja. Pansi pake analemba kuti aliyense akafika kusitolo atulutse nsalu panja asanalipire.

Alendo anayamba kufika Lachisanu, pa 15 Ogasiti. Lettie sanapemphe kuona bulauzi ya munthu. Ankalandira zikwama, kupereka madzi osamba, n'kubwerera kukhitchini. M'mawa wa Loweruka alangizi anati iye atsale pakhomo ndi mkwatibwi, ndipo anaima pageti amayi akutuluka m'nyumba mmodzimmodzi, mapoto okutidwa ndi zitenje ali pamutu.

Anatuluka a ku Solwezi, a ku Chipata, a ku Lusaka. Anatuluka msuweni wa ku Lilongwe ndi mdzukulu wa ku Joni amene Chinyanja chinkamuvuta. Anaima pamzere m'mbali mwa mpanda wa njerwa wa nyumba yoyandikana, ndipo mabulauzi awo ndi mpandawo zinali chinthu chimodzi. Anthu a m'Nakoli anatuluka m'nyumba kudzaonerera. Palibe anatchula marobot.

Justina anatuluka pomaliza. Anaima pamaso pa mng'ono wake, nakoka dzanja la bulauzi yake n'kuligunditsa pa la Lettie. Anayang'anitsitsa ngati akufuna cholakwa.

"Hm," anatero. "Diso langa."

"Lanu, achemwali."

Ng'oma zinayamba. Jabulani anaimika minibasi kumbuyo kwa mzere, mapoto aakulu ali mkati, ndipo ankauza aliyense wodutsa kuti foni anasankha ndi iye.

Masana foni yatsopano inalira. Anali amake a Mwenya, phokoso la nthungululu likumveka kumbuyo.

"Bana Linda, mwabombeni mukwai," anatero m'chilankhulo cha kwawo, kumuthokoza Lettie pa ntchito. "Koma ndiuzeni, nsalu iyi munagula sitolo imodzi?"

"Ayi, asebele. Matauni asanu ndi awiri, mayiko atatu."

"Awe! Mwana wanga wamng'ono akwatiwa chaka chamawa. Musalandire ntchito ina mwezi wa Meyi."

Patapita nthawi pang'ono Linda anabwera akuthamanga kuchokera kuchipinda, duku lili m'manja. Mwenya anali atamutumizira chithunzi chimene mnzake anajambula ndi Orlin yake. Mkwati anakhala pampando, amayi a Kamwendo atagwada momuzungulira ndi mapoto awo. Pathumba la jekete lake pankasuzumira kansalu ka mizere iwiri.

"Amayi, onani! Koma apa onse aoneka ofiira."

Lettie anatenga foni ya Linda, napita nayo pakhonde, pamthunzi. Anayang'ana bulauzi iliyonse, kuyambira kumanzere mpaka kumanja.

"Afiira," anatero, akuibweza. "Koma afiira mofanana."